Undigulire Kamera ya Salaula

Katete,
16 Julayi

Wokondedwa mlongo wanga Josephat,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wako, pamodzi ndi alamu anga a Beatrice ndi ana kumeneko ku Kitwe. Chifuwa cha Jimmy chija chinatha? Kuno tadzuka, ngakhale kuti kuzizira kwa chaka chino kwatilowa mpaka m'mafupa. Lillian wanga anabwerera kusukulu ku Chipata. Amati akudya bwino, koma ndikamva mawu ake pafoni ndimadziwa kuti akundinamiza pang'ono. Amayi kumudzi ali bwino, miyendo yokha ndiyo ikuvuta. Chimanga chalowa m'nkhokwe, thonje likudikira ogula.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pafoni umandidula mawu, ndipo ine ndikadulidwa ndimangovomera. A Sakala, aphunzitsi anzanga, akubwera kumeneko ku msonkhano, ndiwo akupatsira.

Lamlungu lija unandiuza kuti ndisankhe pakati pa kamera yatsopano ya m'katoni imene waiona m'sitolo, ndi yakale imene akugulitsa mnzako wa kuntchito. Unati mtima wako uli pa yatsopanoyo, chifukwa ili ndi pepala lakuti ikawonongeka chaka chisanathe adzaikonza okha, komanso chifukwa mkazi wamasiye ayenera kuyambira pa zinthu zopanda fungo la munthu wina. Utadula foni ndinalira. Chichokereni alamu ako palibe amene wandiganizira chotero.

Koma yankho langa ndi ili: undigulire yakaleyo, ya salaula yomweyo. Ndipo ifike kuno mwezi uno usanathe. Ndikufuna kukaima nayo ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, pamalo pamene alamu ako a Yotam anaima zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndichotse ntchito yawo m'manja mwa Feston. Kuti umvetse, ndiyenera kukuuza zimene ndakhala ndikukubisira.

Unachoka pamaliro tsiku lachitatu chifukwa cha ntchito, ndipo sindikukuimba mlandu. Zotsatira ndinakuuza mwachidule, kuti akuchimuna anabwera, tinakambirana, anandisudzula mwamtendere. Mtendere unalipo chifukwa ine ndinatseka pakamwa.

Anabwera patatha mwezi, anthu asanu ndi awiri, tinakhala pakhonde. Banja lawo linali litasankha kale Feston, mng'ono wawo wa a Yotam, kuti ayang'anire za masiye. Ukumukumbukira, ndi uja wa jekete lachikopa amene pamaliro ankalozera anthu pokhala ngati ndi paukwati. Anatenga njinga yamoto yophwanyika ija, masuti awiri, nsapato ndi wailesi. Sindinadandaule. Kenaka Feston analowa yekha kuchipinda kwathu, wopanda ngakhale odi, natuluka ndi chikwama cha kamera paphewa.

Chikwama chimenecho, Josephat, ndi chimene anthu anapeza alamu ako atachikumbatira pamsewu wa ku Vubwi. Njinga inapindika, iwo anathyoka nthiti, koma kamera inalibe ndi pokalika pomwe. Munthu anaitchinjiriza ndi chifuwa chake.

Malamulo a chuma cha masiye ndimawadziwa. Ndine amene ndimasunga mabuku pasukulu pathu, ndipo palibe pepala limene limadutsa m'manja mwanga ndisanaliwerenge. Ndikanatha kuwatchulira ndime yake. Koma maliro anali akadali pakhosi, ndipo sindinafune kuti dzina la a Yotam likamveke kukhoti. Ndinangonena mofatsa kuti kamerayo ndimaidziwa, kuti Loweruka lililonse ndinkawathandiza, ndipo ikanatha kuphunzitsa Lillian mpaka amalize.

Feston anaseka. Panali ojambula awiri a pamsika, anzawo a malemu, amene anabwera kudzandipepesa, ndipo polankhula iye ankayang'ana kwa iwo.

"Alamu, kamera ndi khasu la mwamuna. Inu gwirani choko. Tikakusiyirani muiika m'kabati pamodzi ndi makapu a alendo."

Anthu anaseka, kuseka kwa pansipansi kuja kwa panyumba ya maliro. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti anditulutsire khadi limene linali m'katimo, kanthu kochepa ngati chikhadabo kamene kamasunga zithunzi. Anati ali pachangu, minibasi iwasiya, adzanditumizira mawa.

Uyenera kudziwa chimene chinali m'khadimo. Alamu ako anajambula theka la boma la Katete: maukwati, ana a ubatizo, alimi ofuna zithunzi za pa makadi a feteleza, mafumu pa Kulamba. Koma iwo eni alibe chithunzi. Fufuza m'foni yako uone. Paliponse pamene akuoneka, nkhope yabisika kuseri kwa kamera. Chimene ndili nacho ndi cha pachitupa, ali mnyamata, atatong'ola maso ngati wagwidwa ndi mbuzi ya eni. Za ukwati wathu zinadyedwa ndi chiswe kunyumba yathu yoyamba ija.

Lamlungu lawo lomaliza, titabwera kutchalitchi, anakhala pakhonde akusenda nzimbe ndi mano. Kamera inali patebulo. Ndinainyamula, ndinawaitana ndi dzina limene ndinkawaitana tikakhala awiri, anatembenuka akuseka, ine n'kudina. Atayang'ana pagalasi la kumbuyo anati ndawadula khutu limodzi, koma kuwala ndakugwira bwino kuposa ena amene amadzitcha akatswiri. Anati adzachitsuka akabwerako ku Vubwi. Lachinayi lake ndi pamene apolisi anandiimbira.

Mawa la Feston linatenga masabata atatu. Ndinamulondola ndekha kumsika. Ndinamupeza pakhonde la sitolo pamene a Yotam ankapachika nsalu yawo yabuluu, atavala vesti yawo ya matumba ambiri ija, imene pa iye ikulendewera ngati thumba la feteleza. Anati khadi linadzaza, ndipo kunali mpira wa masukulu ku Sinda, choncho anafufuta zonse. Anazinena ngati akunena za kutaya madzi otsukira mbale. Ndinamufunsa ngati anayang'anamo asanafufute.

"Ndinaona, alamu. Munali nkhope za alimi a ku Vubwi, ndi china cha akulu akudya nzimbe. Panalibe cha ntchito."

Ndinamupempha kuti andibwereke khadilo tsiku limodzi. Ndinapita nalo ku Chipata kwa munthu wokonza makompyuta, chifukwa ndinawerengapo kuti chofufutidwa nthawi zina chimabwerera. Munthuyo anayesa kuyambira m'mawa mpaka masana, kenaka anati zithunzi za mpira zinaponda pamwamba pa zonse. Ndinakwera minibasi yobwerera ndili ndi anyamata mazana awiri othamangitsa mpira m'chikwama changa. Tsiku limenelo amuna anga anamwalira kachiwiri, ndipo ulendo uno ndikumudziwa amene anawapha.

Iwe umandidziwa. Tili ana ndinkalira ukamalasa mbalame ndi legeni. Sindinkadziwa kuti mumtima mwanga muli chipinda china chimene sindinalowemo. Tsopano ndikukhala m'menemo, ndipo chikundiopsa ndi chakuti muli bwino.

Chobisika choyamba ndi ichi. M'mawa wa tsiku londisudzula ndinatsegula chikwama chija ndi kuchotsamo malenzi awiri, lalitali lokoka munthu ali patali, limene ankajambulira Gule popanda kuyandikira, ndi lina laling'ono la nkhope. Sindinganene kuti inali nzeru. Ndinkangofuna kusunga kanthu kamene maso awo anadutsamo. Ndinawakulunga m'masokosi awo ndi kuwakwirira m'thumba la nshawa zosasenda. Amalume awo atafunsa ngati katundu wathera pomwepo, ndinati eya. Feston anakhalira thumba lomwelo pomanga zingwe za nsapato za mkulu wake. Iye anapita ndi lenzi wamba limodzi, ndipo mpaka lero sadziwa kuti panali ena.

Malenzi amenewa salowa pa kamera yatsopano imene waionayo. Ndayang'ana chithunzi chimene unanditumizira, ndawerenganso za mtundu umenewo, pakamwa pake ndi pena. Akuti pali kamphete kolumikizira, koma kuno sikapezeka, ndipo sindikufuna kuphunzira zachilendo pamaso pa adani. Ya mnzakoyo ndi mtundu umodzi ndi ya a Yotam. Mabatani ake zala zanga zimawapeza ndili chitsinzinire. Buku lake ndinaliwerenga lonse kawiri, mwina ndine ndekha m'Katete muno, mpaka alamu ako ankandiseka kuti ndimawerenga ngakhale pepala la mankhwala a makoswe. Yatsopano ingandisiye ndili mlendo pafumbi la Mkaika, ndikufunafuna batani mfumu itadutsa kale. Pepala la chaka chimodzi lija ndi labwino, koma ikafa pa Kulamba, sitolo ili ku Kitwe.

Koma usagule ndi maso achisoni. Alamu ako ankati kamera yakale imagulidwa ngati ng'ombe ya pangolo, suyang'ana ubweya, umayang'ana mano ndi ziboda. Mnzakoyo akuonetse nambala ya zithunzi zimene yajambula chibadwire, okonza makamera amadziwa poionera. Uchotse lenzi uyang'ane m'kati padzuwa. Ukaona timizere tonga ulusi wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu, uisiye. Uinunkhize, ikamanunkha chinyontho inagona malo oipa. Ujambule khoma loyera uone ngati patuluka madontho. Utoto wosupuka m'makona usakuopse, ndi umboni chabe wakuti inkadyetsa munthu. Ndipo kachitseko ka khadi ukatsegule ndi kukatseka kakhumi, uigwedeze kamerayo, ujambule ukuyenda, kenaka uwerenge ngati zonse zilimo.

Za kachitseko kameneka ndili ndi chifukwa, ndipo ndicho chobisika chachiwiri. Khala pansi.

Kamera ya a Yotam ili ndi chilema. Zaka zitatu zapitazo inagwa ku Mkaika pamene anthu ankathawa Gule, ndipo kuyambira pamenepo khadi silikhazikika. Ikagwedezeka, khadi limasuntha pang'ono ngati dzino logwedera. Kamera imalirabe, chithunzi chimaonekabe pagalasi kwa kamphindi, koma sichikhala. Pakona pamatuluka timawu ta Chingerezi tochenjeza, ndipo kanyali kofiira kamene kamaphethira chithunzi chikamasungidwa kamangokhala duu. Alamu ako anapeza mankhwala ake okha. Anang'amba kapepala ka bokosi la machesi, anakapinda kawiri, nakaika pakati pa khadi ndi kachitseko. Zaka zitatu sanataye chithunzi ndi chimodzi chomwe. Ankadziwa iwo ndi ine basi.

Tsiku lija kumsika, atatha kundiuza za nzimbe, Feston anayamba kudzitama kwa anzake kuti kamera waitsuka yonse, kuti mkulu wake anali munthu wauve, mpaka anapezamo zinyalala za machesi m'kati. Ndinamva. Ndinali nditaima pompo, khadi lili m'manja. Sindinanene kanthu.

Patatha masabata awiri kunali ukwati ku Sinda, wa Natasha, mwana wa a Mwanza, amene ndinamuphunzitsa ndekha kuwerenga. Amake anandiitana, nandiuza mwamanyazi kuti anali atapangana ndi a Yotam chaka chatha, ndiye Feston anabwera kudzanena kuti mapangano onse a malemu agwera iye. Pamenepo ndikanatha kunena mawu amodzi. Ndinangoti ndidzabwera.

Ndinakhala pabenchi yachitatu ku mbali ya amayi. M'mawa, akujambula ophika panja, kanyali kankaphethira. Galimoto la mkwatibwi litatulukira, Feston anathamanga kukaima kutsogolo, nalumpha ngalande, kamera n'kumumenya pachifuwa. Atalowa m'tchalitchi ndinayang'ana. Kanyali kanali katazima.

Josephat, munthu uja anagwira ntchito tsiku limenelo. Anagwada, anagona chafufumimba, anakwera pabenchi, anasuntha abusa kuti akutchinga kuwala. Ankauza aliyense kuti aonetse mano. Akadina ankatembenuzira galasi kwa amake mkwatibwi, iwo n'kululutira. Agogo ake a Natasha, nkhalamba imene anainyamula pangolo kuchokera kumudzi, anaika manja pamutu pa ana awiriwo, Feston n'kudina kasanu. Nthawi ina anaima pafupi nane moti ndikanatha kukanikiza kachitseko ndi chala chimodzi. Chala chimodzi chokha. Ine ndinkaimba nyimbo pamodzi ndi anzanga, mawu onse, ndime zonse.

Pokatsuka zinapezeka khumi ndi chimodzi. Miphika pamoto, mbuzi yomangidwa pamtengo, mipando yopanda anthu, ndi galimoto lili patali. A kwa mkwati anamukhazika pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse, ndipo ndamva kuti mawu amene anamuuza sangalembedwe m'kalata ya mphunzitsi.

Ndinamva kukoma. Sindikunamiza, ndinadya bwino masiku awiri, koyamba chichokereni maliro. Tsiku lachitatu Natasha anabwera kusukulu, anandipeza pakati pa mabuku, anakhala pa kampando ka ana nayamba kulira. Sanadandaule za diresi kapena keke. Ankangoti agogo ake sadzakweranso ngolo, ndipo akanakhala a Yotam sizikanatero. Ndinamugwira mutu ngati mayi wake, ndi manja omwewa amene anakana kutambasuka m'tchalitchi. Ndinamulonjeza kuti ndidzawajambulanso ndekha, atavala zonse, kumudzi kwa agogowo, popanda kulipira kanthu. Diresi ndi la azakhali ake, akubwera kudzalitenga mwezi wamawa, ndipo nkhalamba ija ikutsokomola ndi kuzizira kuno. Ndicho chifukwa china ndikukufulumizitsa. Kuti ndinkadziwa, sindinamuuze. Tchimo limenelo ndi langa ndipo ndalisenza. Koma ndikalapa, ndimalapa za Natasha. Za Feston mawu amakana kutuluka.

Tsopano umve mmene zapitira. Feston anatenga kamera kupita nayo kwa wokonza ku Chipata. Munthuyo anachotsa khadi, analibwezera, anaika kamera patebulo najambula kambirimbiri, zonse zilimo. Anamuuza kuti ilibe vuto. Feston anabwerera, anakajambula ubatizo, zithunzi zinathera pakati. Anakajambula potsegula chiliza cha munthu wina, chimodzimodzi, anaziona ndi maso ake pagalasi, pofika kunyumba kulibe. Wokonza uja anamuuzanso kachiwiri kuti ilibe vuto, ndipo akuti pomupatsa anaigwira ndi nsonga za zala.

Sindikudziwa amene anayamba kunena, koma pamsika ponse pamveka kuti a Yotam akutenga zithunzi zawo. Akuti munthu anafa ataikumbatira, ndiye ungailande bwanji. Amayi ogulitsa tomato amaphimba nkhope za ana Feston akamadutsa. Ojambula awiri aja anasamutsa nsalu zawo kupita mbali ina ya msewu. Iye saigonekanso m'nyumba, amaisiya m'nkhokwe. Anapita nayo kwa mneneri wina amene anaiwaza madzi, ndipo ndikuthokoza kuti sanaimize mumtsinje. Vesti ija anavula. Ndinamuona Lachiwiri ku sitolo ya mbewu, lamba waboola bowo latsopano.

Loweruka lapitali m'mawa kunabwera Getrude, mkazi wake. Getrude ndi munthu wabwino. Pamaliro ndiye ankandisambitsa ndi kundikakamiza phala pamene ena ankayang'ana katundu. Anabwera wapansi kuchokera kwawo, beseni lili pamutu, nkhuku m'khwapa. Anagwada pakhomo, anatula beseni, navundukula chitenje. Kamera inali m'menemo ngati ndiwo zopita kwa wodwala.

Anati mwamuna wake sakudya, akamva chitseko amadzidzimuka. Anati mwamunayo wamva za sing'anga wina kutsidya kwa malire, kupitirira Vubwi, ndipo akufuna kugulitsa ng'ombe zawo ziwiri za pangolo kuti apite kumeneko. Kenaka anawomba m'manja, maso ali pansi.

"Amake Lillian, landirani chinthu chanu. Mukawauze akuluwo kumanda kuti tabweza. Kwathu sitikugona."

Bokosi la machesi linali pafupi ndi mbaula, mkono umodzi kuchokera pamene ndinakhala. Ndikanatha kung'amba kapepala, kukapinda kawiri, ndi kumasula banja lonse madzi a tiyi asanawire. Manja anga ankafuna kugwira lamba wa kamerayo, amene anada ndi thukuta la pakhosi pa amuna anga. Ndinawakhalira manjawo.

Ndinamuuza kuti katundu ameneyu anatuluka pakhomo lino masana, pamaso pa amalume ndi anthu, ali paphewa la mwamuna. Sangabwerere m'beseni pamutu pa mkazi, ngati wakuba. Amene anatenga abweze yekha. Anafunsa kuti abwere liti, mawa kapena mkuja.

"Asabwere kuno," ndinatero. "Adzandipeze ku Mkaika, Loweruka la Kulamba, pamzere wa ojambula. Awiri aja amene anaseka adzakhalepo."

Getrude anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Anati Kulamba kuli kutali, munthu adzatha. Ndinati sadzatha. Za ng'ombe zokha ndinamulimbitsa, kuti a Yotam sanali munthu wodya ng'ombe za ana, ndipo akauze mwamuna wake kuti akangogulitsa ngakhale imodzi, kamera sindidzailandira mpaka kalekale. Pamenepo ndiye pali malire anga, ana a Getrude sanafufute kanthu. Nkhuku ndinamubwezera. Ndinamuthandiza kusenza beseni, ndinamuperekeza mpaka pamsewu, tonse tikulira, aliyense zake.

Tsono pempho langa lili pawiri. Amalume a alamu ako afunsa kale nambala yako, chifukwa iwe ndiwe mwini mbumba. Adzakuimbira kuti undilankhule. Udzawamvere mwaulemu, udzawauze kuti mlongo wako wanena kale pamene adzalandirire, ndipo iwe sungawonjezere. Za kapepala ka machesi usatchule kwa munthu, ngakhale kwa alamu anga a Beatrice, amene ndimawakonda koma foni yawo sipuma.

Chachiwiri ndi kamerayo. Mwina ukufunsa kuti ndikufuniranji ina pamene ya a Yotam ikubwerera. Ndikapita ku Mkaika chimanjamanja, Feston adzafika ngati munthu wachifundo wodzapatsa mkazi wamasiye mphatso, ndipo pofika madzulo nkhani idzakhala yakuti anandithandiza. Ine ndikufuna adzandipeze ndili pantchito, nsalu yanga itapachikidwa, lenzi lalitali lili patsogolo, anthu atandandalika kudikira. Adzaime kumbuyo kwa mzere ndi katundu wake m'manja mpaka ndimalize amene anabwera iye asanafike. Ya a Yotam sindidzaigwiritsanso ntchito. Yatopa. Ndidzaipukuta, ndidzaisungira Lillian.

Ndikudziwa zimene unene, kuti uyu si mlongo wako amene umamudziwa. Abusa analalikira za kukhululuka masabata awiri otsatizana, ndipo ndikuganiza kuti wina anawatuma. Ndawerenga zambiri za anthu obwezera, ndikudziwa kuti mathero awo sakhala abwino. Ndayesa kumumvera chisoni Feston. Ndimayamba bwino, ndimakumbukira kuti nayenso anataya mkulu wake, kenaka ndimamva mawu aja akuti panalibe cha ntchito, chisoni n'kuuma ngati madzi pa thanthwe.

Kaya ndidzamuuza zoona akadzabweza, kaya ndidzauza Getrude yekha chaka chamawa, lero sindikulonjeza. Kwatsala masabata asanu ndi limodzi. Ine kwa miyezi itatu ndakhala ndikudzuka m'mawa uliwonse ndi kuyesa kukumbukira nkhope ya alamu ako ikuseka, ndipo tsiku lililonse imachepako pang'ono, popanda poti ndikaiyang'ane. Zanga sizidzatha pa Kulamba. Iye masabata asanu ndi limodzi angapirire.

Ukagula, uchotse batire, uikulunge m'thaulo, uwapatse a Sakala pobwerera. Usaitumize pabasi yokha.

Undiperekere moni kwa a Beatrice, uwauze kuti nsalu yakuda ija anandisiyira ndikuvala. Jimmy ndi Grace uwapsompsone, uwauze kuti azakhali awo adzawajambula pa Khirisimasi, makutu onse awiri. Ukaimbira amayi usawauze za kalata ino, mtima wawo ndi wofooka. Mulungu akusunge pansi pa mgodi ndi pamwamba pomwe, adalitse manja ako amene sanandisiye. Undipempherere, koma usafulumire kupempha kuti ndifewe.

Ndine mlongo wako,
Winfrida